Gridi Yagawa Mabwato

Lolemba
Yayaka! Kompyuta ya komiti ya asodzi yayaka, ndipo woigwira ndine ndekha. Apampando, a Mbewe, akuti ndikaonetsa ntchito yabwino pamsonkhano wa Loweruka, ukalaliki ndi wanga. Ndikalephera, malume andisungira kale malo m'bwato lawo. Ine? Ndi satifiketi ya ku Lilongwe? Nkhafi ndinatsanzikana nayo kalekale!

Pulogalamu yanga ikuyenda ngati madzi. Ndapanga gridi, timabokosi tija tooneka ngati maso a ukonde, n'kuilumikiza ku deta, nkhokwe ya mayina onse m'kompyutamo. Kungodina, zonse zikutuluka:
- mwini bwato
- dzina la bwato
- la injini kapena lopalasa

Mayi akuti ndibwere ndidzadye. Njala ili kuti?

Lachiwiri
Mnzanga Yona watsika minibasi ndi sidi ya pulogalamu m'thumba. Veshoni yatsopano! "Yako ija ndi ya nthawi ya chipani chimodzi, aise. Zinthu zasintha." Zoonadi. Dziko lonse lasintha, ine ndikakamirirenji zakale? Ndafufuta yakale, ndaika yatsopano. Mabatani ake kukongola! Sindinasunge kope. Kope la chiyani munthu ukupita kutsogolo?

Lachitatu
Gridi yayera mbee. Deta ilimo, ndaiona ndi maso angawa, koma gridi ikuchita ngati siikuidziwa. Kalumikizidwe kakale veshoni yatsopano ikukakana. Ikungotulutsa kauthenga ka Chizungu, pansi pake OK. Ndadina OK mpaka chala kuwawa. Palibe chili OK.

Yona wabwerera kale kwawo. Ndapita ku boma kukamuimbira foni. Akazi ake: "Angotuluka kumene."

Malume abwera ndi nkhafi paphewa. Angoitsamiritsa pakhomo la ofesi n'kumapita. Chipongwe!

Lachinayi
Zatheka! Mayina a eni alumikizika! Ndakuwa mpaka amayi oyanika usipa atembenuka. Koma mbali ya mabwato yakanitsitsa. Ndiye nzeru zandibwerera: mayina a mabwato ndangowalemba ndekha m'timabokosi, lililonse pafupi ndi mwini wake. Osalumikiza ayi, kungowakhazikapo. Adziwa ndani? Zikuoneka bwino kuposa kale. Ndine katswiri, ndinene ndekha poti wonditama palibe.

Nkhafi ndaiponya kuseri.

Lachisanu
Eee, veshoni iyi ndi ina! Ukadina pamutu pa gridi, mayina akufola okha, A mpaka Z! Yakale ija ikanatha? Ndangoona mayina akusuntha, magetsi zii. Palibe kanthu, mawa ndiwadabwitsa nazo.

Zokonzekera:
- shati yoyera, kusita ndi simbi ya makala
- tayi ya aphunzitsi oyandikana nafe
- kuyeserera kunena "deta" mosathamanga

Nkhafi yabwerera pakhomo. Sindikudziwa waitola ndani.

Loweruka
Ofesi yadzaza, ena akusuzumira pawindo. Gridi yatuluka bwinobwino, aliyense ndi bwato lake. M'manja phwaphwaphwa! Ndikanalekera pomwepo, inetu. Koma ayi. "Taonani izi, akuluakulu." Ndadina.

Eni afola A mpaka Z. Mabwato, osalumikizidwa aja, atsala pomwe anali!

Boti la injini la apampando lagwera a Banda, alamu awo omwe sayankhulana nawo chipitire chisankho. Apampando alandira bwato lobooka lija nkhuku zimaikiramo mazira. La malume lapita kwa a Zimba, amene nyamakazi inawaletsa nyanja kalekale.

A Banda aimirira, akukonza kolala: "Kompyuta sinama. Injini ndikatenge lero kapena mawa?"

Apampando, maso psuu: "Mwana iwe, wakutuma ndani?"

Ndikufotokoza za veshoni, za kulumikiza, thukuta kamukamu mu tayi ya eni. Womva palibe. Aliyense akukuwa, ena akufuna mavoti, poti ndi demokalase. Apampando azula pulagi ndi dzanja lawo, kompyuta aifunditsa chitenje.

Lamulungu
Kutchalitchi a Banda andipatsa moni ndi manja awiri. Apampando ayang'ana kudenga.

Mtima ukuwawa, ndisabise. Pomwe ndinalakwitsa ndikupadziwa, n'kanthu kakang'ono, ndikanakonza tiyi asanazizire. Koma ofesi aikhoma loko watsopano, ndipo wondifunsa palibe. Tayi ndabweza.

Malume abwera ndi nkhafi ija. Aipala bwinobwino pogwirira kuti isandichititse matuza. "Mawa m'mamawa, mphwanga. Bwato unalipereka kwa a Zimba, koma sindikuona ngati abwera kudzapalasa."

Ndayesa kuinyamula. Ikundikwana ndithu.