Maikolofoni ya Injiniya, Galasi la Gologolo

Chiwembu chinapsa Loweruka masana pa shabini ina kwa Luwani, chibuku chitafika m'maondo. Othawa nkhondo anali atangobwerera kwawo ku Mozambiki, ndipo anyamata atatu amene ankadyera pa kampu anatsala manja lende.

Bwana wa gululo anali Gerishon, wodzitcha Injiniya chifukwa tsiku lina analumikiza waya wa wailesi ndi mphira. Wachiwiri anali Lucius, amene ankamutcha Ngolo: kunyamula ankatha, kuganiza ankasiyira anzake. Kalisto anali Gologolo, katswiri wokwera mitengo, wamantha kuposa onse.

"Mawa a Laimoni akalowa m'tchalitchi, ife tikalowa m'nyumba yawo yoonetsera vidiyo," anatero Gerishon. "TV, deki, zonse. Ndi matipate ano, aliyense adyeko."

Kenako anasolola maikolofoni yopanda waya imene anagula pa kaunjika. "Gologolo, iwe ukakhala mu mtengo wa mango. Ukalankhula apa, mawu akatulukira pa wailesi yathu mkatimo. Mafunde amaboola khoma, aise!"

Kalisto sanakondwe nazo. "Amaboola khoma la aliyense. Ine ndili ndi kagalasi. Ndikathwanimitsa dzuwa, amaona ndi amene ndamuloza yekha. Kuwala sikuchita miseche."

"Nanga chitseko chikatsekedwa? Kuwala kwakoko n'kwaulemu, kumaima pakhomo n'kumachita odi."

Anagwirizana zotenga zonse ziwiri.

Lamulungu m'mawa Kalisto anali pa nthambi. Kutsogolo kwake kunali nyumba ya vidiyo, chakumanja tchalitchi chokhala ndi chimkuzamawu padenga. Anzake anathyola loko, n'kulowa, n'kudzitsekera. Mawindo onse a Laimoni anawakhomera mabulangete kuti ana asamaonere ulere. Kalisto anayang'ana galasi lake, n'kulibweza m'thumba mwamanyazi.

Anayatsa maikolofoni. "Injiniya, Injiniya, kuno kuli zii. Laimoni ali m'tchalitchi, akuimba ngati mbuzi yomangidwa. Nyamulani TV msanga. Ova."

Anadabwa kumva mawu ake akubwerera kuchokera kumanja, atanenepa. Nyimbo m'tchalitchi inaduka pakati. Abusa nawo anali atagula maikolofoni ya mtundu womwewo pa kaunjika yemweyo, ndipo chimkuzamawu sichinkasankha mwini.

"Kodi ndi ndani ameneyo?" anafunsa abusa, maikolofoni ili pakamwa.

Mawu amenewo ndi amene anatulukira pa wailesi ya mbava mumdima muja. Lucius, TV ili pamutu, anauma.

"Injiniya, Gologolo wayamba liti kulankhula ngati munthu wamkulu?"

"Iwe amene ukufuna kunyamula TV ya mwini," wailesi inabangula, "kumwamba akukuona!"

Lucius anagwada pomwepo, n'kutsekereza chitseko ndi msana wake wonse. Gerishon anamukankha, anamutukwana, anamulonjeza deki, koma Ngolo anali atayamba kale kuulula machimo kuyambira a ku pulayimale.

Panja mpingo wonse unatuluka, amayi a chigwirizano patsogolo, a Laimoni pambuyo akufunsa aliyense ngati amaimbadi ngati mbuzi. Kalisto anathimitsa maikolofoni, n'kuyamba kuthwanimitsa galasi pa chitseko chotseka ndi mphamvu zake zonse. Kuwala kunaphonya chitseko, n'kukatera pankhope pa Mayi Constance, mkulu wa amayiwo. Iwo anangokutsatira ndi maso mpaka pa nthambi.

"Tsika, mwanawe. Kapena tikugwedeze ngati mango?"

Atatsegula chitseko anapeza Lucius akadali chogwada, misozi chuchuchu, Gerishon atapanikizika pakona ndi wailesi m'manja.

Powatengera ku polisi atamangidwa chingwe chimodzi, Gerishon ananong'oneza Kalisto kuti, "Koma wavomereza, eti? Mawu anafika."

A Laimoni anali atamva. "Anafikadi, achimwene. Ndipo TV'yo inapsa chaka chatha. Yabwino ndimaisunga kwa abusa."