Pemphero Limene Linaziziritsa Nkhuku

Mpaka lero ndikanena kuti tipemphere, mkazi wanga amayamba wavundikira chakudya.

Kwathu ndi ku Katete. Ndakalambira mu Kitwe muno ndikupala matabwa ku migodi, koma Chibemba changa ndi cha pamsika. Kumva ndimamva. Kuyankhula pagulu, ayi. Ndine mkulu wa mpingo, sindisekedwa.

Mwana wanga Yohane atapeza mbeta ya Chibemba ku Northrise ku Ndola, akuchikazi anati akubwera ndi chilanga mulilo, mwambo wawo woonetsa mkamwini zakudya za kwawo. Wothokoza alendo ndinali ine.

"Atate, mungoyankhula Chinyanja," anatero Yohane.

Ndinamuyang'ana ndi diso lokana. Mawu a Chibemba ndinaloweza kuseri kwa nyumba, ndikuuza mtengo wa mapeyala (sunadandaule).

Tsikulo azimayi anafika ndi ng'oma, mapoto ali pamutu. Anatula n'kuvundukula: nkhuku, chikanda, ndiwo zotendera. Kenako inafika nthawi yothokoza. Maso onse pa ine.

Ndinaimirira. "Mukwai..." Ulemu wokhawo ndi umene unatuluka, mawu ena onse anathawa. Ndinabwereza "mukwai". Sipanatsatire kanthu. Basi ndinachita chimene ndimadziwa.

"Tiyeni tipemphere."

Onse anatsinzina, mtima wanga unatsika: panalibenso wondiona. Ndinayamba m'Chinyanja, poganiza kuti Chibemba chindipeza panjira. Ndinapempherera ukwati. Sichinabwere. Ndinapempherera amasiye, migodi, mvula ya ku Katete, ngakhale madalaivala a pamsewu wa Ndola. Mkazi wanga anakhosomola. Ndinapempherera odwala chifuwa.

Nditaima kuti ndimeze malovu, azakhali a mtsikanayo, mayi a maso akuthwa amene ndinkawaopa chifikire, anafuula kuti "Ameni!" Ng'oma inagunda. Iwo anadzandigwira dzanja, n'kuyamba Chinyanja chothyokathyoka:

"Asewere, ine Chinyanja yanga yoipa maningi. Pano mutima ili gu gu gu. Musaniseke!"

Anthu anawaseka, iwonso akuseka. Ine ndinangozindikira ndanena kuti "Natotela sana, mayo," ndiko kuthokoza kwawo, ndipo nthungululu zinalira ngati ndalalikira.

Nkhuku tinadya yozizira. Alendo atapita, Yohane anandinong'oneza kuti mayi aja anakulira ku Chipata, Chinyanja amachidziwa kuposa iyeyo.

Lamlungu ndinawatumizira tambala wanga wamkulu. Koma amene akuti pemphero lija linatalika abwere andiuze: ndikanasiya ndani?