Mmene Ndinamatira Sitima ya Nkhondo

Amene akuti ndine wabodza aimirire ndimuone nkhope. Inu bambo a Tadala, mkamwini wanga, ikani foniyo pansi, pulambala wanu wokonza mapaipiyo adikire. Nawe Esnati mwana wanga, khala apa, shifiti yako sithawa. Wanena wekha kuti paipi ya kubafa kumwambako ndamata ija ikangodontha, mawa ukandisiya kunyumba ya okalamba kumene umagwira ntchito, ati sindingamatsalenso ndekha masana. Chabwino. Koma musanakhudze dothi langalo, mumve kaye zimene manja awa anamatapo.

Pa nkhondo yachiwiri ija, ndevu zisanamere bwino, anandikweza sitima yankhondo yonyamula katundu. Kale inkanyamula nthochi, koma nkhondo itavuta anaipaka utoto wotuwa n'kuimangirira mfuti imodzi kutsogolo, mfuti yoti ikalira sitima yonse inkabwerera m'mbuyo mpaka padoko pomwe tachokera, n'kuyambiranso ulendo. Kutalika kwake ngati kuchoka kuno ku Braunstone kukafika ku Beaumont Leys, mbali ina ya mzinda wa azungu uno, moti kaputeni akakutuma kumbuyo unkatenga kamba. Tinkachoka ku Mombasa kupita ku Colombo titasenza zipolopolo, mabulangete, nyemba ndi abulu okanyamula katundu wa asilikali m'nkhalango za ku Burma. Ine ntchito yanga inali kudyetsa abuluwo ndi kuwola ndowe zawo, ndipo ndowezo sindinkataya, ndinkaziunjika pakona, chifukwa kwathu ndowe sataya. Azungu ankandiseka.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, Ajapani anatitumizira bomba loyenda pansi pa madzi. Phuu! Chibowo chake basi yosanjikizana ija kulowa osagunda, madzi khathikhathi kulowa, nsomba kulowa, shaki ina kulowa mpaka kukhitchini n'kudya nyemba za masana, abulu kulira, wophika kulira, kaputeni mwini wake, mzungu wamtali ndevu mpaka pamchombo, kundigwira mwendo akuti, “Jailosi, tafa!” Mukumva, bambo a Tadala? Kaputeni, mwendo uwu, womwe mukuti ndi wa nyamakaziwu.

Ine ndinangoti chibowo ndi chibowo, kaya cha nkhokwe kaya cha sitima, mankhwala ake ndi kumata. Ndowe zinalipo, udzu wa abulu unalipo, chosowa linali dothi la pachulu. Ndinavula malaya, chubwi m'nyanja, kutsika, kutsika, kudutsa nsomba zogona, kudutsa sitima zina zomira kale anthu ake akumwabe tiyi, mpaka pansi penipeni, ndipo pamenepo ndinapeza chulu, chiswe chake chikusambira, ndinachigumula ndi chidendene, n'kupinda nsomba yaitali ngati njoka kukhala nkhata, kusenza chulucho pamutu, kukwera nacho osapuma, panjira n'kupatsana moni ndi Mjapani amene anasuzumira pawindo la sitima yake, iye n'kuyankha mwaulemu. Ukuseka chiyani, Tadala? Chichewa umayankha m'Chingerezi, koma kuseka agogo ako ndiye umaseka m'Chichewa.

Ndinaika abulu pamzere kuti aponde dothi, ine kuthira ndowe, kuthira udzu, kuluka zingwe pachibowo ngati mmene timalukira nkhokwe, kenako phaa, phaa, kumata ndi manja awiri, mwendo wina ndikukankha nyanja kuti idikire kaye panja, ndipo nditamaliza ndinazira bwinobwino mpaka kusalala. Madzi amene anali atalowa kale abulu anamwa onse. Shaki ija inatsekeredwa m'kati, inakhala nafe mpaka nkhondo kutha, ikuthandiza kutsuka mbale.

Sitima imeneyo inayendabe maulendo osawerengeka. Inatula abulu, inanyamula ovulala, nkhondo itatha inabweza asilikali kwawo, kenako anaigulitsa ikunyamula simenti mpaka inachita dzimbiri paliponse kupatula pamene ndinamata ine. Poiphwasula macheka awo onse anathera pachigamba changa, mpaka anangochitaya m'nyanja, ndipo lero lino chikuyandama, pamera mpoza, mbalame zikuikirapo mazira. Ndikanama ine mphenzi indipeze muno muno.

Ndiye munthu wotere alephere kapaipi konga chala? Dzulo inu muli kuntchito ndinakwera basi ndekha mpaka ku Oadby, kuja amathamangitsa mahatchi, ndinatola ndowe zatsopano m'chikwama chako chogulira zinthu chija, Esnati, usakwiye, chichapika. M'basi anthu anandipatsa ulemu, mipando yonse yondizungulira anandisiyira ndekha. Dothi ndakumba kuseri kwa nyumba, ndaponda ndekha ndi mapazi awa m'bafa momwemo, ndamata, ndazira. Paipi imeneyo nyumba ya khonsoloyi idzagwa, iyo ili chilili.

Ichi chandigwera padazichi ndi thukuta, musayang'ane kudenga. Munthu ukamakamba za nkhondo umatuluka thukuta. Lozizira, inde. Lonunkha hatchi, inde, nanga si ndagwira ndowe? Tadala, sendeza wailesi yakanemayo, thukuta langa likuchuluka.

Mlandu ndi wa mahatchi a kuno. Nyama yodya mabisiketi, yogona m'nyumba itafunda bulangete, ndowe zake zingagwire chiyani? Akanakhala abulu anga aja bwenzi tikukamba zina. Imbani foni ija, bambo a Tadala, mnyamatayo abwere adzaphunzire pamene ndalekezera.

Koma Esnati, tamvera. Bomba lija sindinaliope, shaki sindinaiope, koma kumene ukuti ukandisiyeko ndikuopa, ndanena poyera. Sitima ija anaipereka kwa ophwasula itachita dzimbiri, ine ndiyang'ane, dzimbiri lili pati? Bweretsa beseni lalikulu lija undiikire pamiyendo. Ndikhala pompano ndikulandira madziwa, ndipo amene akufuna kundichotsa m'nyumba muno ayambe wafunsa Ajapani ngati anatha.