Mafunde a ku Usisya M'chipinda cha Opaleshoni

Amene anandilanda ntchito yapamtima panga ndi chitsulo, chopanda mkazi ngakhale ana oti chiwadyetse. Ndipo wolakwa pa nkhaniyi ndi mwera, osati ine.

Kuchipatala kwathu kuno kunyanja kumabwera nthawi ndi nthawi dokotala wa matenda a amayi, mayi wa ku Blantyre. Iyeyu sang'amba mimba ayi. Amaboola timabowo ting'onoting'ono, kulowetsa kamera yonga kandodo, n'kumachotsa zotupa za m'chiberekero akuyang'ana pa kanema. Wogwira kamerayo ndinali ine. Dzanja langa linali lokhazikika moti ntchentche inkatera pachala n'kugona tulo tofa nato (panja, osati m'chipinda cha opaleshoni, musandigwiritse mlandu wina).

"Ada, inu ndinu maso anga," ankatero dokotalayo. Tsiku loti wanena zimenezo ndinkayenda wapansi mpaka ku Chintheche osamva dzuwa.

Ndiye kunagwa maliro kwathu ku Usisya. Pobwerera ndinakwera boti mwera utakwiya. Funde lina linatikweza mpaka ndinaona msika wa ku Mzuzu, ndi mayi wina akukhuthula matimati. Ndikulumbira, anavala chitenje chobiriwira.

Aliyense wakunyanja amadziwa kuti ukatsika boti tsiku lotere, nthaka imapitiriza ulendo. Mwendo umaponda, koma thupi limakhala likadali pamadzi. Ndikanangonena kuti lero agwire wina. Koma dokotala anali atafika m'mawa womwewo, ndipo ine ndinali ndi njala ya mawu aja.

Tinayamba bwinobwino. Kenaka chithunzi pa kanema chinakwera pang'onopang'ono, n'kutsika.

"Kumanzere pang'ono, ada."

Ndinapita kumanzere. Funde linandibweza.

"Ada, imani."

"Ndaima, adokotala."

"Nanga chiberekerochi chikupita kuti?"

Wogonetsa odwala, bambo wa ku Dedza amene sanakwerepo boti chibadwire, anayang'ana kanemayo kanthawi, nkhope n'kutuwa, n'kupempha ndowa. Sisitala wamkulu, yemwe ndi wakwathu konkuno, anaona mmene ndinatangadzira miyendo n'kudziwa zonse.

"Mwatsika boti lero, eti? Bweretsani kuno, ada, musanatimize tonse."

Anatenga kamera, ine n'kukakhala pampando panja, nawonso ukuyandama. Wodwalayo anachira bwino, pano akubereka mwana kumbuyo (amati analota ali pa sitima, koma zimenezo sindikuumirira kuti mukhulupirire).

Ulendo wotsatira dokotala anabwera ndi bokosi. M'katimo munali mkono wachitsulo womangirira pabedi. Umagwira kamera, ndipo iye akaponda kabatani pansi, umasunthira komwe akufuna n'kuima nji. Supuma, suyetsemula, kwawo sikugwa maliro.

"Musadandaule, ada, muzidzauveka," anatero mokoma mtima.

Ndiye ntchito yanga tsopano ndi kuveka mdani wanga pulasitiki yoyera, n'kumukankhira pamalo pomwe ndinkaima ine.

Komabe opaleshoni iliyonse ndimasamba m'manja mpaka m'zigongono, kuvala magolovesi, n'kuima kumbuyo kwake mwakachetechete, ndikupemphera chamumtima kuti magetsi azime. Tsiku lina Sisitala anandipezerera milomo yanga ikuyenda.

"Ada, magetsi akazima ndi jenereta yomwe, kanemayo azimanso. Mudzaonetsa chiyani?"

Ananena zoona. Dzulo ndinasambanso.