Gwafa la Bambo Anselmo

Mwambi uwu, ana inu, chiyambi chake ndi chotere. Ena adzakuuzani kuti unachokera kwa makolo ofula njuchi, koma asiyeni amenewo, kunalibe iwo.

Ku Bangwe kunali mnyamata wina dzina lake Tiyese Kamtedza, wa mpingo uja anthu amautchula kuti wa Amomoni. Tsiku lina analandira kalata yoti akatumikire zaka ziwiri ku Mexico, kwa anthu olankhula Chisipanishi. Chimwemwe chake! Anathamanga nayo kalatayo msika wonse, mpaka kuonetsa ogulitsa makala amene sanamufunse n'komwe.

Atafika kumeneko, moyo unali wothamanga. Kudzuka m'mamawa, kupemphera, kuwerenga, kenako malaya oyera, tayi, ndi kabaji kakuda pachifuwa kolembedwa kuti Elda Kamtedza. Amishonale amenewa amayenda awiriawiri, ndipo iye anamupatsa mnzake wa ku Peru, Elda Yupanqui, mnyamata wamfupi, wofatsa, Chisipanishi chobadwa nacho. Tsiku lonse ankagogoda pamakomo. Pena kuwalandira, pena kuwatsekera chitseko, pena kuthamangitsidwa ndi agalu tayi ili petupetu paphewa. Tiyese zonsezi ankazikonda kwambiri.

Vuto linayamba sabata yoyamba. Banja lina linawapatsa tamale, chakudya cha ufa wachimanga chokulunga m'makoko. Tiyese anachitembenuza uku ndi uku, n'kufunsa m'Chisipanishi chake chotsimphina kuti, "Kodi makokowa amadyedwanso?"

Ana a m'nyumbamo anaseka mpaka kugudubuzika. Mawa lake ana a mumsewu wonse ankamulondola akugwedeza makoko achimanga ngati akuitana mbuzi. Tiyese anachita manyazi koopsa, ndipo analumbira mumtima kuti pakamwa pake sipadzatulukanso funso. Kuyambira pamenepo, chilichonse chimene munthu wanena, kaya wamva kaya sanamve, iye ankangogwedeza mutu ngati gulo.

"Elda, ngati simunamve, ndifunseni ine," anatero Yupanqui. "Ndi ntchito yanga imeneyo."

"Ndamva zonse," anayankha Tiyese.

"Chabwino. Koma gwirani ichi chimodzi: kuno chakudya sakana. Munthu akakuikirani patsogolo, idyani mumalize. Mukasiya, mwanyoza nyumba yonse."

Malangizo amenewa okha ndi amene Tiyese anawamva bwinobwino.

Tsono m'tauniyo munali mkulu wina, bambo Anselmo, wamasharubu ngati tsache, wouma mutu ngati mwala wa mphero. Akazi awo, mayi Chela, ankafunitsitsa kumva uthenga wa anyamatawo, koma mwini nyumba ankakana. Miyezi itatu yathunthu akugogoda, miyezi itatu akubwezedwa. Lachiwiri lina mayi Chela anakumana nawo pamsika, akupumira m'mwamba.

"Alola! Akuti mubwere mawa masana. Koma akuti ndi kamodzi kokha. Mukawakhumudwitsa, basi, musadzapondekonso. Chonde ana anga, musandichititse manyazi."

Tiyese analumpha pamsika pomwepo, baji n'kugwera m'dengu la tomato. Nsapato anazipolisha kawiri, tayi n'kuisita mpaka kunyezimira.

Mawa lake anawalandira pabalaza. Bambo Anselmo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, osamwetulira. Kenako ananyamuka, n'kutenga pashelefu kadengu ka zipatso, n'kukaika patebulo patsogolo pa Tiyese. Munali mango, nthochi, malalanje, ndi pamwamba gwafa lachikasu, lokhala ndi kadontho kamodzi ngati kuti mbalame inalijompha. Mkuluyo analankhula mothamanga, mawu akutayikira m'masharubu, dzanja likuloza dengu monyadira. Tiyese sanatolepo kanthu. Nthawiyo n'kuti Yupanqui ataimirira pakhomo la kukhitchini, akulandira jagi ya madzi a mandimu kwa mayi Chela.

Tiyese anatola gwafalo. Linali lopepuka modabwitsa. Analinunkhiza, fungo kulibe. Funso linafika pamlomo penipeni, koma anakumbukira ana aja ndi makoko awo, ndipo analimeza funsolo. Anagwedeza mutu, n'kumwetulira, n'kuluma.

Mano analowa, koma kutuluka anakana.

Anakoka, chidutswa n'kuthyoka. Mkamwa munalibe madzi, munalibe njere, munalibe kukoma, koma chinthu choterera chomamatira kunkhama. Anayang'ana bambo Anselmo. Mkuluyo maso ali tong'o, kukamwa yasa. "Akudikira ndiyamikire," anaganiza Tiyese. Anatafuna, anatafunanso, n'kumeza ndi mphamvu zonse za pakhosi.

"N'lokoma kwambiri, bambo," anatero, misozi ili lengelenge.

Yupanqui potembenuka anangotsala pang'ono kugwetsa jagi. Anakhala pansi msangamsanga n'kumuponda mnzakeyo phazi pansi pa tebulo. Tiyese anaganiza kuti akumukumbutsa lamulo lija loti amalize, choncho analumanso. Yupanqui anapondanso mwamphamvu. Tiyese anawonjezera liwiro. Kuponda kachitatu, gwafa lonse linali litatha, kutsala kachingwe koyera kali lende pakati pa mano.

Mayi Chela anagwira kumutu. "Mayo ine! Wadya kandulo mwana wa eni!"

Apa m'pamene Yupanqui anamunong'oneza. "Elda, bambowa ntchito yawo ndi youmba makandulo. Zipatsozi ndi zaphula. Amati muone luso lawo. Dengulo aumbira ukwati wa mwana wawo Loweruka likubwerali."

Miyezi itatu ija, chikhulupiriro cha mayi Chela, zonse Tiyese anaona kuti wazimeza pamodzi ndi gwafalo. Anaimirira, manja pambuyo, mutu pansi.

"Pepani bambo. Sindinamve zimene munanena, ndipo ndinachita manyazi kufunsa. Ndimaopa kunyoza nyumba yanu."

Bambo Anselmo anayang'ana malo amene panali gwafa, n'kuyang'ana kachingwe kali pamano pa mnyamata. Masharubu anayamba kugwedera. Kenako chiphwete chinaphulika, chomveka mpaka kumsewu. Anamenya tebulo, anapukuta misozi, anatsokomola, n'kuyambiranso.

"Chela, wamuona? Zaka makumi anayi ndikuumba zipatso! Anthu amati n'zokongola, amati zikungokhala ngati zenizeni, koma amangonena pakamwa. Uyu yekha ndiye wandikhulupirira mpaka m'mimba!" Anamugwira Tiyese paphewa. "Mnyamata iwe, ndiwe chitsiru, koma chitsiru chaulemu. Munthu womeza kandulo pofuna kulemekeza nyumba yanga ndimumvera. Mubwerenso Lachinayi. Koma chimodzi: ukafuna kuti ine ndizifunsa za buku la mpingo wako, nawenso uphunzire kufunsa."

Lachinayi anabweradi, ndi Lachinayi linalo, ndi linalo. Mayi Chela ankawalandira nkhope ili mwee. Koma asanakhale pansi, bambo Anselmo ankayamba anyamula makandulo onse pabalaza n'kukawatsekera m'kabati, uku akufuula kuti, "Bisani katundu, wafika mwini njala!" Tiyese naye mimba inamuvuta masiku awiri, ndipo kuchokera pamenepo ankafunsa chilichonse, ngakhale mchere.

Nkhani yonseyi anailemba m'kalata yopita kwawo. Mayi ake ku Bangwe anawerengera anzawo a pamzere wogulitsa tomato, ndipo pofika pa kachingwe kaja analephera kupitiriza, nthiti zikuwawa. Atapezako mpweya anapinda kalatayo, n'kupukusa mutu, n'kunena mawu amene anafalikira msika wonse, kenako dziko lonse, mpaka kufika kwa inu amene mumangogwedeza mitu m'kalasi musanamve kanthu:

"Safunsa anadya phula."