Tsiku limene ndinalakalaka kupita kumwezi

Pali nkhani imene mkazi wanga Esinati amakonda kuuza alendo. Bola ndiinene ndekha, chifukwa iye amawonjezeramo tsabola.

Matipate anali atangoyamba kumene, aliyense pakamwa patamasuka. Ine ndinkaperekera zakudya pa loji ina ku Senga Bay. Mlendo wina anasiya magazini yodzaza ndi zithunzi za azungu ovala ngati zigubu, akuyenda pamwezi. Ndinaiwerenga mpaka inathothoka (Chingerezi changa cha Fomu 2 chinatuluka nayo thukuta), ndipo ndinayamba kudziona ngati munthu wodziwa zinthu.

Loweruka lina ndinapita ku Chitala kukaonekera kwa atsibweni a Esinati. Iwo ndiwo anali ndi mawu omaliza pa ukwati wathu, ndipo sankakonda anyamata a kunyanja ngati ine, ati ndife olongolola. Esinati anandichenjeza kuti ndizingoyankha zimene ndafunsidwa.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, amuna pamipando, amayi pamphasa akutonola chimanga. Zonse zinkayenda bwino mpaka atsibweni anafunsa kuti, "Nanga azungu anuwo akukamba zotani masiku ano?"

"Akukumbukira anzawo amene anapita kumwezi," ndinatero.

Chimanga chinasiya kugwera m'lichero.

"Mukunena akazi awo?" anatero atsibweni.

"Ayi, amuna okhaokha. Mpaka lero ku Amereka kulibe mkazi amene anapitako kumwezi."

Tanthauzo linalo la mawu amenewa, la zochitika za amayi mwezi ndi mwezi, ndinkalidziwa bwino (ndinakulira pakati pa alongo). Koma tsikulo mutu wanga unali m'mitambo. Esinati ankanditsinzinira diso, ine n'kumati akundinyadira.

Azakhali ake, mayi wosaseka wamba, anafunsa nkhope ili gwa: "Ndiye amuna amenewo akakhala kumwezi, mchere m'ndiwo amathira ndani?"

"Zakudya zawo zimakhala zothirathira kale, amayi. Ndipo oyambawo atabwerako anawatsekera kwaokha, osakhudzana ndi akazi awo."

"Bolanitu mwambo amaudziwa," anatero azakhaliwo.

Mayi wina anathawira kuseri kwa nkhokwe, chitenje chili kukamwa. Ine ndinaona ngati nkhani yakoma, ndiye ndinaikapo chomaliza: "Kunena zoona, inenso ndimalakalaka nditapitako, ngakhale kamodzi."

Atsibweni anaimirira n'kundikodolera kumbali. Titafika pakhola la mbuzi anatsitsa mawu.

"Bambo, tiuzane ngati amuna. M'thupimu zonse zili bwino? Mwana wathu sitingam'pereke kumavuto. Ngati pali chovuta, ku Khombedza kuli sing'anga."

Pamenepo m'pamene ndinatsika m'mitambo muja. Manyazi anandigwira, ndipo ndinaona kuti Esinati wandipulumuka. Ndinaloza kumwamba kuti ndiwaonetse chimene ndinkanena, koma kunali dzuwa lokha.

"Ndimanena mwezi weniweni uja, wowala," ndinatero.

Anandiyang'ana, masharubu akugwedezeka.

"Umenewonso musapiteko. Mukabwere ndi ankhoswe anu."

Ukwati unachitika, ana tinabereka, atsibweni mtima unakhala pansi. Nkhani za nyenyezi sindinasiye, zikatuluka pa wailesi ndimakweza ndithu. Kungoti masiku ano ndimati "anatera pamwamba pa mwezi", ndipo ndimayamba ndaona amene ali pafupi.

Koma ku Chitala sanaiwale. Mpaka lero ndikatambasula dzanja kuti nditenge mchere, azakhali aja, okalamba tsopano, amandigwira pamkono.

"Dikirani kaye, akamwini. Mwabwerako kodi?"