Mpando Umene Unameza Apongozi Anga

Mpaka lero ndikaona mpando wopinda, uja anthu amanyamula popita kokayenda kunkhalango, mtima umandigunda. Mkazi wanga, mayi a Tadala, amangoseka. Asiyeni aseke, si iwo anagwada m'matope.

Apongozi anga, mayi a mkazi wanga, anabwera kuno kutsidya la nyanja, ku Ilford, kuchokera ku Dedza kudzationa. Ndinene zoona, ukwati wathu iwo sanaukondwerere kwenikweni. Zaka zonsezi anali asananditchulepo dzina, ngakhale loti bambo a Tadala. Ndinali "awo" basi. "Awo adya? Awo abwera?" Zinkandiwawa, ndipo ndinatsimikiza mtima kuti ulendo uno ndisanduka munthu pamaso pawo.

Tinapangana zoti Loweruka tikayende kunkhalango ya Hainault, nawonso akapitidweko mphepo m'malo momangobindikira m'fulati. Ine ndinadzipereka kukagula mpando woti apongozi akapumirepo. Mayi a Tadala anandichenjeza: "Mugule wa miyendo ikuluikulu, wa nsalu yolimba. Osati tamanyaka tanu tija." Ndinavomera ndi mutu.

Kumsika wa ku Romford ndinapeza mitundu iwiri. Wina unali wachitsulo chenicheni, wokhala ndi poika mikono, koma kulemera kwake, mayo! Ndinaganiza zokwera nawo basi, ndinaganizanso za phewa langa. Winawo kanali kampando kafupi, kopepuka, kolowa m'kathumba ngati ambulera. Wogulitsa anandifunsa kuti wokhalapoyo ndi wolemera bwanji.

Apa m'pamene panagona vuto. Kwathu mkamwini sayang'anitsitsa apongozi ake. Mukakumana, maso pansi. Akalowa pabalaza, iwe umapezeka uli kukhitchini. Nthawi yonse imene anakhala nafe ndinkadziwa bwino masilipasi awo ndi m'mphepete mwa chitenje chawo, koma kumtundako ayi. Ndinangokumbukira chithunzi cha paukwati wathu.

"Ndi ochepa thupi," ndinatero molimba mtima. (Chithunzicho n'chakalekale, Tadala asanabadwe n'komwe.) Ndinakakanikiza ndi dzanja pasimenti, kanali nganganga, n'kugula.

Lowerukalo linafika nthaka ili chinyontho, paja kuno mvula sipempha chilolezo. Tinayenda ndithu mpaka apongozi anatopa, ndiye tinaima pakapinga pafupi ndi dziwe la abakha. Ndinatambasula kampando kanga monyadira, n'kunjuta pang'ono. "Akhale apa." Nthawi yomweyo Tadala anafuna kuchimbudzi, mayi ake n'kumuperekeza. Tinatsala awiri, ine nditayang'ana mtengo, iwo atayang'ana abakha.

Ndinamva kuti tswii. Ndinaponya diso mwakuba. Timiyendo tam'mbuyo tinkalowa m'matope pang'onopang'ono, apongozi akupendekera chagada mwaulemu wonse, mawondo akukwera m'mwamba. Kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti Mulungu anawadalitsa ndi thupi, ndipo sanaumire. Kachitsulo kena kanathyoka kuti thyo, kampando n'kudzipinda iwo ali m'kati.

"Awo," anatero modekha, akuuza abakha, "mpando wawo wandigwira."

Ndinagwada m'matope n'kuyamba kuomba m'manja. "Pepani, pepani ndithu!" (Ngati kuti pepaniyo awazula.) Kuwagwira sindikanatha. Dzanja la mkamwini pathupi la apongozi? Ndinaimbira mayi a Tadala, foni n'kulira m'chikwama chimene anachisiya pambali panga. Ndinakoka mwendo wa mpando, iwo n'kumiririka. Ndinatola nthambi kuti agwire kunsonga, koma inali yofumbwa, inangotsalira m'manja mwawo. Thukuta linali kamukamu, kunja kukuzizira.

Kenako panafika mzungu wina wokalamba, woyendera ndodo, ali ndi galu. Anandifunsa m'Chingerezi chifukwa chimene ndinkapempherera mayi woti wagwa m'malo momudzutsa. Ndisanayankhe, galu uja anayamba kunyambita mapazi a apongozi. Apongozi anga njoka amapha okha, koma galu amamuopa koopsa.

"Bambo a Tadala!" anakuwa, akundiyang'ana m'maso mwenimweni. "Mwanangu, zamwambozo tikapitiriza kunyumba, kokani!"

Ndinagwira manja awo onse awiri, n'kukoka ndi mphamvu zanga zonse. Anazuka, kampando kali kakaka kumbuyo kwawo, ine n'kugwa chagada m'thope. Anaseka mpaka misozi. Atadzimasula anatulutsa chitenje china m'chikwama, kuyala pansi pouma, n'kukhala bwinobwino ngati mmene akhalira moyo wawo wonse.

Mayi a Tadala atabwerera anayang'ana zitsulo zija, kenako buluku langa. "Ndinati mugule wotani?"

"Usawakalipire bambo a Tadala," anatero apongozi akupukuta misozi. "Amandiona ngati kamtsikana."

Kuyambira tsiku limenelo "awo" anatha. Ndinasangalala, sindibisa, ngakhale ndinakwera basi nditaimirira chifukwa cha matope akumbuyo. Lachitatu lake ndinabwerera ku Romford kukagula wachitsulo uja. Wogulitsa anafunsanso za kulemera kwa wokhalapo, ndipo ulendo uno ndinayankha monga munthu amene anakokapo.